A Barnaba ndi Mabalau a ku Eropoto

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikire m'manda atsibweni anga a Barnaba, mchimwene wawo wa amayi anga. Tsiku loika mtanda wa simenti abale anati pakhale wina wonena za moyo wawo, ndiye onse anatembenukira ine, poti ndine amene ndinakhala m'nyumba mwawo ku Namacula nditathawa nkhondo kwathu ku Lione. Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachinayi. Ndinaimirira, ndinati anali munthu wopemphera, wosamwa, wokonda ntchito, ndinakhala pansi. Anthu anavomera. Koma kuchokera tsiku limenelo mtima sukundikhala, chifukwa mawu amenewo munthu ungawanene pa manda a aliyense. Ndiye ndati ndinene tsopano mmene zikubwerera m'mutumu, ngakhale ndiyambire pakati.

Anali munthu wankhawa. Ndiyambe ndi pamenepo. Chakudya ankadya chiimire ngati pali wowathamangitsa. Kutchalitchi ankakhala pafupi ndi chitseko. Munthu akayatsa fodya pafupi nawo ankadzidzimuka n'kumukankha, ngakhale ali pamsika, ngakhale munthuyo ndi wamkulu kuposa iwo, chifukwa gasi amene ankagwira naye ntchito sagwirizana ndi moto ndipo manthawo ankayenda nawo paliponse. Kuno ku Lichinga kumazizira, tonse tikudziwa, koma iwo kazako wawo wakuda, chijasi chija, sankamuvula ngakhale mu Okutobala. M'manja mwawo munkanunkha mphira.

Ntchito yawo inali ku sitasau ya zanyengo, siteshoni yoyezera nyengo, kuseri kwa eropoto, bwalo la ndege lija. M'mawa uliwonse ankapopa balau, ndiye kuti baluni, lalikulu loyera, lalikulu kuposa munthu atatambasula manja, n'kumangirira kabokosi koyera kokhala ndi kawaya kolendewera, n'kulisiya likwere. Kabokosiko kankayeza kufunda ndi kuzizira kwa mpweya kumwambako n'kumatumiza pa wailesi, iwo ali pansi kulandira. Balaulo likafika kutali kwambiri linkaphulika, kabokosiko n'kukagwa kumene mphepo yafuna. Nthawi ya Apwitikizi iwo anali wopopa chabe. Ufulu utayandikira, mzungu wa pamenepo anawapatsa makiyi n'kukwera ndege. Atiya Rosa, akazi awo, ankakonda kusimba kuti tsiku la ufulu weniweniwo, anthu onse akuthamangira kukaona mbendera yatsopano, a Barnaba anayamba apita kukasiya balau. Anafika pabwalo nyimbo zitatha. Akuluakulu a bayiro, dera lathu la m'tauni, anawafunsa ngati ufuluwo sunawakondweretse. Iwo akuti anayankha kuti unawakondweretsa kwambiri, n'chifukwa chake sanafune kuti dziko latsopano liyambe ndi tsiku lopanda muyezo. Anthu sanamvetse, koma anawasiya.

Atiya Rosa ankati amuna awo ndi amitala, mkazi wamkulu ali kumwamba, iwo ndi wamng'ono wongophika. Ankakangana kwambiri anthu awiriwa, koma mkangano umene sindiuiwala ndi wa soda. Gasi wa balau ankamupanga okha, ndi soda woyabwa uja ndi zitsulo zina zonga miyala, m'chibotolo chachitsulo. Nthawi imeneyo sopo kunalibe m'tauni monse. Sitima inasiya kubwera, m'masitolo munali mashelefu okha. Tinkachapa ndi masamba a papaya. Ndiye atiya anatapa soda pang'ono m'thumba limene atsibweni anasungitsa kunyumba, nasakaniza ndi mafuta, napanga sopo. Atsibweni atabwera anaona zovala zayera pachingwe, anangodziwa.

"Rosa, wachapira mabalau angati?"

"Ndachapira nsabwe zanu, bambo. Kapena mumafuna ndizitumizenso kumwamba?"

Iwo sanaseke. Anakhala masiku osavala malaya ochapidwawo, akuvala akuda omwewo, mpaka atiya anawabisira.

Za satelite anabwera nazo kuchokera ku Maputo, kumene anawaitana ku maphunziro a milungu ingapo nkhondo ili mkati. Anabwerako munthu wosinthika, nkhawa yake itawirikiza. Ankafotokozera aliyense, wofuna ndi wosafuna yemwe. Ine ndinazimva kambirimbiri ndikusenda batata, mpaka pano ndingazinene. Ankati mpweya uli ndi kulira kwake, kochepetsetsa, kumene khutu la munthu silingamve. Dzina lake ankati mikrowonda. Mpweya ukafunda kulirako kumakwera pang'ono, ukazizira kumatsika. Ndiye kumwamba kwenikweni kuli chombo, satelite ija, chimene chimazungulira dziko osapuma, kumvetsera kulirako, ndipo mitambo sichitchinga kwenikweni. Chimamva pamwamba pa nyanja, pamwamba pa tchire, ngakhale kumene munthu sangaponde chifukwa cha nkhondo.

Ine tsiku lina ndinafunsa kuti ngati chombocho chimamva zonse, iwo akuvutikiranji ndi mabalau. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anati khutu limakalamba. Chombo chimene lero chimadutsa dzuwa lili pamutu, pakapita zaka chimayamba kudutsa litapendeka, ndiye chimamva mpweya wa nthawi ina n'kumayesa dziko lasintha. Chikafa amatumiza china, ndipo chatsopanocho khutu lake silifanana ndendende ndi la chakale. Ndiye pamafunika mboni, imene yakwera yokha n'kukakhudza mpweyawo, kuti inene ngati chombo chikunena zoona kapena chayamba kugontha. Balau ndiye mboniyo. Ankatinso za chaka chimodzi sizinena kanthu, za zaka zisanu sizinena kanthu. Kuti anthu adzadziwe ngati dziko likutentha, muyezo uyenera kuyenda osaduka kuyambira mwana akubadwa mpaka adzakhale ndi ana ake. Ndipo tsiku limene sunayeze lapita, sungalibwerere, ngakhale utalira bwanji.

Mawu omalizawa ndi amene ankawadya. Ndege yobweretsa mabokosi ikachedwa sankagona bwino. Ankapita ku eropoto kukafunsa madalaivala a ndege ngati sanaone katundu wawo, mpaka anyamata a kumeneko ankawabisalira.

Atakalamba, atapuma ntchito, kunkabwera mnyamata wina wa ku sitasauko kudzawaona. Ndi iyeyo anawauza kuti anthu ophunzira akunja akukangana za manambala a satelite, ena akuti mpweya wa pamwamba pa maiko otentha ngati athu ano ukufunda msanga, ena akuti ayi, ndipo chovuta n'chakuti ku Afirika kuno mabalau anali ochepa, malo ambiri muyezo unaduka. Mnyamatayo ankangocheza. Koma atsibweni tsiku limenelo sanadye. Kuyambira pamenepo, mvula ikachedwa, kapena Juni akadutsa osaluma ngati kale, kapena batata zikapsa masamba ku Lulimile, ankati kaya n'kusintha kwa dziko kaya n'chaka chabe, ndipo amene akanathandiza kudziwa ndi iwo, koma anachoka pabwalo mlandu usanathe. Ankanena chapansipansi, akuyang'ana m'manja mwawo.

Tsono ndinene mmene muyezowo unadukira, chifukwa ndinalipo.

Achimwene anga a Mateyu anakana kuthawira m'tauni. Anatsala ku Lione ndi akazi awo a Esinati, kulima chimanga ndi nyemba, kugona kutchire zikavuta, kubwerera kukacha. Tsiku lina anatola kabokosi ka atsibweni m'munda mwawo. Anakadziwa bwino, anali atakaonapo. Mphira wa balau lophulikalo anamangira chubu cha njinga. Kabokosiko anaona kuti sikalowa chinyezi, ndiye anachotsamo zina n'kuikamo mchere ndi machesi, zinthu zimene nthawi imeneyo munthu ankabisa ngati golide. Ndiye poopa makoswe ndi ana, anakapachika kudenga ndi kawaya kake komweko, nsonga ya waya n'kutulukira pa udzu kunja. Kwathu chinthu chabwino timapachika kudenga, palibe akanaganiza kawiri.

Amilisiya, anthu wamba amene boma linawapatsa mfuti, akufufuza m'nyumba za anthu amene ankawaganizira kuti amadyetsa a m'tchire, anaona waya padenga. Analowa, anapeza kabokosi kolembedwa chizungu, mkati muli timawaya, mulinso mchere. Mchere ndi umene a m'tchirewo ankasakasaka. Wailesi ndi mchere m'nyumba imodzi. Sanafunsenso zambiri.

A Esinati anafika kwathu ku Namacula m'mamawa, mapazi atatupa, mwana kumbuyo. Anati amuna awo awamanga manja kumbuyo ndi chingwe chonyowa, awakweza galimoto, ali ku kwatelo ya asilikali m'tauni muno. Atsibweni anali atavala kale kazako. Anamvetsera zonse, nkhope itachita phulusa. Kenako anati abwera, ayambe akasiya balau.

Ine ndinagwira chitseko. "Atsibweni, a Mateyu akumenyedwa pano tikunena pano."

"Ndamva, Lusiya. Komandante sakhala atafika. Ndikapita tsopano ndikangokhala pabenchi."

Mwina zinali zoona. Mpaka lero sindidziwa. Anapita, anasiya balau lawo, ine ndi a Esinati tinaliona likukwera pamwamba pa mitengo ya paini, a Esinati n'kulavula pansi. Anabwerako atanyamula kabokosi katsopano ndi balau losapopa, kuti akaonetse. Tinapita anthu atatu, iwo, atiya Rosa ndi ine.

Komandante, mkulu wa asilikaliwo, anali wa kummwera, wamng'ono pa msinkhu, maso ofiira ngati munthu amene sanagone mwezi. Sanali wankhanza poyamba. Kabokosi ka a Mateyu kanali patebulo pake, mchere atauthira pa pepala pambali. Ankayankhula Chipwitikizi, ine ndinkatolako zambiri. Atsibweni anaika kabokosi kawo pafupi ndi kameneko, anaonetsa kuti n'timodzimodzi, anafotokoza kuti ndi ntchito ya boma, kuti kakagwa kamakhala katafa, sikangatumize mawu a munthu. Komandante ankagwedeza mutu. Anafika mpaka pomwetulira atamva za makoswe. Ine ndinayamba kupuma. Pakanathera pamenepo, bwenzi tikubwerera tonse.

Koma anafunsa funso limodzi, mongocheza. Anati nanga zonsezi n'zachiyani, nkhondo ili chonchi, munthu wamkulu kumaseweretsa mabalau?

Atsibweni funso limenelo sakanalisiya. Anayamba za kulira kwa mpweya. Za khutu lokalamba. Za mboni. Atiya anatsokomola, anatsokomolanso, iwo osamva.

"Chombo chimenecho n'cha ndani?" anafunsa komandante.

"Cha Amereka, kamarada komandante."

Msilikali amene anali pakhomo anasintha phazi.

"Ndiye mukundiuza kuti m'mawa uliwonse, pa eropoto yanga, mumakweza wailesi, imakagwa kumene kuli adani, ndipo manambala ake amakathera kwa Amereka."

"Amapita ku Maputo, kamarada. Kuchoka kumeneko amapita dziko lonse. Ndi a aliyense. Chombocho sichimva anthu, chimamva mpweya basi."

"Nanga mphepo? Balau lanulo limanena kumene mphepo ikulowera?"

Atiya anawatsina pamkono, ine ndinaona. Koma iwo bodza linkawakanika ngati mmene ena kumawakanikira kusambira.

"Limanena, kamarada."

"Ndiye munthu wofuna kuponya katundu ndi parashuti kutchire angakondwe nawo manambala anuwo."

Ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa atsibweni, mu kazako muja. Komandante anaimirira, anayenda mpaka pawindo, anabwerera. Anati iye si wa zanyengo, sangadziwe ngati mdalayu akunena zoona. Kufunsa ku Maputo yankho lingatenge mwezi, ndipo galimoto yotenga anthu oganiziridwa inyamuka mawa kupita kumsasa. Tonse tinkaudziwa msasa umenewo, ndi kuti obwerako anali owerengeka. Ndiye anati asankhe. Ngati akufuna mphwawo, mabalau athe lero. Mabokosi onse, chibotolo cha gasi, makiyi, zonse zibwere ku kwatelo. Akakana, ntchito yawo ipitirire mpaka Maputo ayankhe, koma mnyamatayo akwera galimoto.

"Mpaka liti, kamarada?"

"Mpaka nkhondo ithe."

Apa ndi pamene mtima wanga umabwerera nthawi zonse. Atsibweni sanayankhe msanga. Anaima, akupotokola balau losapopa lija m'manja. Ine ndinkamva munthu akubuula kuseri kwa khoma, sindinadziwe ngati ndi achimwene kapena wina. Kenako anati:

"Kapena kamodzi pa sabata, kamarada. Msilikali wanu aziimirira pomwepo."

"Ayi."

"Kamodzi pa mwezi. Kuti chingwe chisaduke chonse."

Komandante anaseka, koma osati kuseka kwabwino. Anatembenukira kwa atiya, nati, "Mama, mdalayu ndi wanu? Mumagona naye nyumba imodzi?"

Atiya anatembenukira kwa amuna awo. Anayankhula Chinyanja, osakweza mawu. "A Barnaba, ndi mwana wa mlongo wanu. Mlongo wanu anamwalira atakusiyirani. Mukamuuza chiyani?"

Ndi pamene atsibweni anavula chingwe cha makiyi m'khosi. Chinakola pa khutu. Anachiika patebulo pafupi ndi mchere.

A Mateyu anawatulutsa madzulo ake, asilikali atatha kututa katundu ku sitasau. Manja anali atatupa ngati mikate, zala zosapindika. Msilikali amene anawamasula ndi yemwe anali pakhomo uja, ndipo powakankhira kunja anati, "Pita, atsibweni ako amakunenerera ngati mbuzi pamsika. Pang'ono ukanagulidwa ndi balau limodzi pa mwezi." Achimwene anayang'ana atsibweni. Atsibweni anayang'ana pansi. Tinayenda mpaka ku Namacula, atiya akuuza a Mateyu kuti akweze manja m'mwamba magazi atsike.

Nkhondo inatha, koma mabalau sanabwerere. Katundu uja palibe anadziwa kumene anathera, ena amati chibotolocho anachiona kwa munthu wina wotcheza kachasu. Atsibweni anapitiriza kuyeza mvula ndi kutentha kwa pansi pano mpaka kupuma kwawo, mokhulupirika ndithu, koma ankati zimenezo n'zapansi, chombo chija chimafuna mboni ya kumwamba.

Iwo ndi a Mateyu sanakanganepo, ndipo mwina kukangana kukanakhala bwino. Ankapatsana moni, ankakhala pa maliro amodzi. Chaka chilichonse a Mateyu ankatumiza thumba la nyemba, koma ankatuma mwana, okha osafika. Atsibweni ankalipirira ana a a Mateyu sukulu, koma ndalamazo ankapatsira ine kuti ndikapereke. Ine ndinakhala pakati pawo zaka zonsezi ngati mlatho wa mtengo umodzi, ndikuopa kuti tsiku lina wina adzanena mawu amene sabwezeka.

Kamodzi kokha ndinawafunsa, atadwala kale, ndikuwasambitsa m'mapazi. Ndinati, atsibweni, tsiku lija mukanakhala nokha, popanda atiya, mukanatani? Iwo anangofunsa ngati mwana wamkulu wa a Mateyu anakhoza mayeso. Ndinati anakhoza. Anati chabwino, madziwo azizira.

Ndiye sindidziwa. Pena ndimati anali munthu amene anatsala pang'ono kugulitsa mphwake. Pena ndimati anali munthu amene anapereka chinthu chokhacho chimene anali nacho, akudziwa bwino kuposa tonsefe kuti sichidzabwerera. Ife tinkaona balau. Iwo ankaona ana a ana athu akufunsa kuti dziko linayamba liti kutentha, popanda wowayankha za kuno kwathu. Ndikaganiza choncho ndimachita mantha ndi mvula ya masiku ano, imene imabwera mmene yafunira.

Manda a atsibweni anakumba ndi a Mateyu, ndi zala zawo zimene mpaka lero sizifumbata bwino khasu. Anakana kulandiridwa. Ndipo titatha kuika mtanda sabata yatha, anthu akubalalika, anandikokera pambali nati ndiwaperekeze ku sitasau, sanafikeko chibadwire.

Tinapempha mlonda, anatilola. Kanyumba ka gasi kali kumapeto, patali ndi nyumba zina. N'kakang'ono, kotalika m'mwamba, kopanda mawindo, chitseko chake chachikulu chinagwa mbali imodzi. A Mateyu anasuzumira mkati, anazungulira kunja, anabwerera pamene ndinaima.

"Ndi kameneka?"

"Ndi kameneka."

"Ine ndinkayesa ndi chinyumba chachikulu." Anasisita zala. "Ndiye ankalowa muno yekha, tsiku ndi tsiku, ndi gasi woti angamuphulikire?"

Ndinati eya. Anavula chipewa.

Mkatimo muli mavu ndi matumba akale a simenti amene anauma okha. Pakhoma pali mbedza yachitsulo, ndi chithunzi cha ndudu chodulidwa ndi mzere wofiira, utoto wake ukusuluka. Kutsogolo kwa chitseko kuli bwalo la simenti losweka, udzu watulukira m'ming'alu, ndipo mkazi wa mlonda wayanikapo nyemba. Kuchoka pamenepo mpaka kumpanda palibe mtengo ngakhale umodzi. Mlonda akuti malowo anawalambula kalekale kuti chokwera chisakole, ndipo mpaka pano palibe amene anabzalapo kanthu.